Kodi phungu ntchito yake n'chiyani? Tiyeni titsate moyo wa a John Tembo



Loweruka lapitali, titamaliza kutola zinyalala m'misewu ya kwathu kuno ku Area 15, tinakhala pamthunzi kuti tipumeko. Ndiye wina anaponya funso ngati nthabwala: kodi phungu ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Mayankho anabwera mothamanga. Wina anati kugula bokosi pamaliro. Wina anati kukonzetsa mjigo. Wina anati kugulira timu ya mpira mayunifolomu. Tinalipo anthu oposa khumi, ambiri a ife tinavota koyamba pa 16 September 2025, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawu akuti malamulo. Ineyo ndemwe ndinangoti chete.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa agogo aamuna, amene adagwirapo ntchito ya ukalaliki ku Capital Hill. Iwo sanayankhe msanga. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi ndalama yakale ya pepala, yofwifwa, ya nkhope ya Kamuzu. Anandilozera siginecha ili m'munsi n'kunena kuti, "Mdzukulu, ukafuna kudziwa mphamvu ya phungu, tsata moyo wa mwini dzina ili." Dzinalo linali la a John Tembo.

Ndisanapitirire ndinene poyera: kalabu yathu si ya chipani, ndipo ine sindikuchitira kampeni munthu. A Tembo adamwalira. Ena amawakumbukira mwaulemu, ena akamva dzina lawo mtima umawawa. Ine ndangotsata zimene adachita m'nyumba ya malamulo, chifukwa zandiyankha funso la Loweruka lija.

Mphunzitsi wa zaka 28

John Zenus Ungapake Tembo, amene ambiri ankangowatchula kuti JZU, adabadwa pa 14 September 1932 m'boma la Dedza. Bambo awo anali m'busa wa mpingo wa CCAP. Adakaphunzira kukoleji ya ku Roma m'dziko la Basutoland, limene lero ndi Lesotho, ndipo atabwerako adagwira ntchito ya uphunzitsi kusekondale. Masiku amenewo Amalawi a digiri unkachita kuwawerenga ndi zala, choncho chipani cha Malawi Congress Party sichikadawasiya kuti azingolemba pabolodi.

Mu August 1961 kudachitika chisankho. Sichinali ngati cha lero ayi. Atsamunda adagawa ovota m'makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi, potengera chuma ndi maphunziro a munthu. MCP idatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, ndipo umodzi mwa mipandoyo, wa Dedza, udapita kwa a Tembo. Anali ndi zaka 28 zokha. Taganizani, aise, kusiyana kwake ndi ena a ife ndi zaka zochepa chabe.

Nyumba ya malamulo panthawiyo inali ku Zomba. Mu September 1962 Dunduzu Chisiza, amene aliyense ankamuona kuti ndiye adzagwire chuma cha dziko, adafa pangozi ya galimoto cha ku Thondwe. Udindo wake wothandizira kuunduna wa zachuma udapita kwa a Tembo. Pofika 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, iwo adakhala nduna ya zachuma, kulowa m'malo mwa mzungu Henry Phillips. Ndiye kuti mnyamata wa zaka za m'ma 30 ndiye ankaima pamaso pa aphungu kufotokoza m'mene dziko latsopanoli lipezere ndalama ndi m'mene lizigwiritsire ntchito. Imeneyo ndi ntchito yoyamba imene tinaiwala Loweruka: boma silingatolere msonkho kapena kugwiritsa ntchito ndalama popanda chilolezo cha aphungu.

Masiku awiri a mu September 1964

Patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zidasemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Nkhani zake zinali zenizeni. Boma lidayamba kulipiritsa tiki, ndiye kuti mapeni atatu, kwa odwala m'zipatala. Lipoti la Skinner lidakhudza malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma. Maudindo akuluakulu anali adakali m'manja mwa azungu. Kamuzu ankagwirizana ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, pamene nduna zina zinkafuna ubale ndi China. Pamwamba pa zonsezo, ndunazo zidatopa ndi kutchulidwa kuti anyamata ake pagulu.

Pa 7 September Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, omwe aja ali pa K200. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi John Msonthi adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, ngakhale a Msonthi adabwerera posakhalitsa. Henry Masauko Chipembere, amene anali ku Canada, atafika naye adatula pansi udindo. A Tembo adatsala kumbali ya Kamuzu.

Pa 8 ndi 9 September aphungu adakumana ku Zomba kuti anene ngati ali ndi chikhulupiriro mwa Kamuzu. Apa ndiye panali pamphambano. Nyumba ikadatha kumuuza mtsogoleriyo kuti amve madandaulo a nduna zake. M'malo mwake aphungu ambiri adapikisana pomutamanda ndi kunyoza ochotsedwawo, ndipo chikhulupirirocho chidaperekedwa. Zotsatira zake tidaziphunzira m'kalasi ya History. Ambiri adathawira kunja. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida. Chipembere adafera ku America mu 1975. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chimene sitidaphunzire bwino n'chakuti ulamuliro wankhanza sudagwe kumwamba ngati mvula. Udadutsa m'nyumba ya malamulo, bilu ndi bilu. Lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu adavomereza ndi aphungu. Lamulo lolanda katundu wa munthu, la 1966, adavomereza ndi aphungu. Malamulo a 1966 amene adati chipani ndi chimodzi basi adavomereza ndi aphungu. Upulezidenti wamuyaya wa 1971 nawonso udadutsa momwemo. Zonsezi zikuchitika, a Tembo anali pabenchi yakutsogolo, poyamba ngati nduna ya zachuma mpaka 1969, kenako ya zamalonda ndi mafakitale mpaka 1971.

Zaka zimene nyumba idagona tulo

Mu 1971, chaka chimene kwacha idalowa m'malo mwa paundi, a Tembo adasankhidwa kukhala gavanala wa Reserve Bank. Adakhala pampandowo mpaka 1984, n'chifukwa chake siginecha yawo ili pandalama ya agogo ija. Anali msungichuma wamkulu wa MCP, adakhalapo wapampando wa khonsolo ya University of Malawi, komanso anali malume awo a mayi Cecilia Tamanda Kadzamira, amene ankayang'anira za kunyumba ya boma. Anthu ankati ukafuna kufika kwa Ngwazi, njira idzera kwa a Tembo.

Apa pali chinthu chondidabwitsa. Nthawi imene a Tembo anali ndi mphamvu zoopsa kwambiri ndi nthawi imene mphamvuzo sizinkachokera kumpando wa uphungu. Zinkachokera kubanki, kuchipani ndi kukhomo la Kamuzu. Nyumba ya malamulo inali itasanduka chidindo. Pachisankho cha 1971 ndi cha 1976 anthu sadaponye n'komwe voti, chifukwa pampando uliwonse pankaima munthu mmodzi wovomerezedwa ndi chipani. Likulu la dziko litasamukira kuno ku Lilongwe mu 1975, nyumba ya malamulo idatsala ku Zomba, ndipo sizidavute aliyense, popeza zinthu sizinkagamulidwa kumeneko.

Koma ngakhale m'nyumba yogona tulo, ena adayesa kudzuka. Kumayambiriro kwa 1983 aphungu ena adayankhula mosabisa za kusakazika kwa ndalama za boma. Mu May chaka chomwecho, pochokera kunyumba ya malamulo ku Zomba, apolisi adagwira Dick Matenje, mlembi wamkulu wa MCP, Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati, Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Matupi awo adapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma lidati ndi ngozi ya galimoto, ankathawa m'dziko.

Ulamuliro utasintha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi jaji Mtegha lidapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mu January 1995 Kamuzu ndi a Tembo adamangidwa powaganizira kuti adakonza chiwembucho. Mlandu udazengedwa, ndipo mu December 1995 khothi lidawapeza osalakwa. Boma lidachita apilo koma khothi la Supreme silidasinthe chigamulo. Ndalemba zonse ziwiri dala: kuti adazengedwa mlandu, komanso kuti khothi lidawamasula. Wonena chimodzi n'kubisa chinacho sakukuuzani mbiri, akukuuzani za chipani chake. Chimene palibe angatsutse n'chakuti anthu anayi a m'nyumba ya malamulo adaphedwa, ndipo nyumbayo idapitiriza kukumana ngati palibe chachitika.

Kuphunzira kukhala mbali yotsutsa

Mu January 1992 a Tembo adakhala nduna mu ofesi ya pulezidenti. Patangopita miyezi iwiri, pa 8 March, maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo yotchuka ija. Pa 14 June 1993 Amalawi adavota pa riferendamu, ndipo 63 mwa anthu 100 aliwonse adasankha zipani zambiri. Kumapeto kwa chaka chomwecho Kamuzu atapita ku opaleshoni ku Johannesburg, dziko lidayendetsedwa ndi anthu atatu: Gwanda Chakuamba, Robson Chirwa ndi John Tembo.

Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapambana. Pamipando 177, UDF idapeza 85, MCP 56, AFORD 36. A Tembo adapambana kummwera kwa Dedza. Nyumba ya malamulo nayo idasamuka ku Zomba kubwera kuno, n'kumakumana ku New State House, imene lero timati Kamuzu Palace. Munthu amene kwa zaka 30 ankangonena mawu zinthu n'kuchitika, tsopano ankayenera kuimirira, kudikira kuti sipikala amuone, n'kupempha mwayi woyankhula ngati wina aliyense.

Ambiri ankaganiza kuti athera pomwepo. Koma apa mpamene adaonetsa kuti malamulo a kayendetsedwe ka nyumbayo ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Agogo amati bajeti ikaperekedwa, anthu ankadikira tsiku loyankha a Tembo, chifukwa munthu amene adakhalapo nduna ya zachuma komanso gavanala sungamunamize ndi manambala.

M'chipani mwawo munalibe mtendere. Pachisankho cha 1999 a Chakuamba adaimira MCP n'kutenga Chakufwa Chihana wa AFORD kukhala wachiwiri wawo, kusiya a Tembo. Mu 2000 chipani chidachita misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wa a Chakuamba, wina kuno ku Lilongwe wa a Tembo. Aphungu a MCP adagawanika, ndipo kugawanikako kudapatsa boma la UDF mwayi wosaka mavoti kumbali yotsutsa.

Mavoti atatu

Tsiku limene ndikufuna aliyense wa m'kalabu aliloweze pamtima ndi 4 July 2002. Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko limati pulezidenti alamulire materemu awiri otsatizana basi. A Muluzi anali mu teremu yachiwiri. Phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, adabweretsa bilu yochotsa malirewo, kuti munthu aziima kangati konse angafune. Kusintha gawo ngati limeneli kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo tsikulo pankafunika mavoti 128.

Mipingo idakana, mabungwe adakana, ophunzira adakana. Koma a Tembo ndi aphungu owatsatira, pamodzi ndi a Chihana, adaima kumbali ya biluyo. Mavoti atawerengedwa, ovomereza anali 125, okana 59. Idagwa ndi mavoti atatu okha.

Tatiyeni tiime kaye apa, anzanga. Atatu. Anthu okwanira pampando umodzi wa minibasi. Akadapezeka atatu ena ovomereza, bwenzi lero tilibe malire a materemu, ndipo mwina ena a ife tikadakula tikudziwa pulezidenti mmodzi yekha ngati m'mene adakulira makolo athu. Aphungu 59 aja ena a iwo maina awo sitiwadziwa n'komwe. Kaya adagula mabokosi angati pamaliro, kaya adakonzetsa mijigo ingati, palibe akukumbuka. Koma voti yawo ya tsiku limenelo tikuidyerera mpaka lero.

Ndipo kwa a Tembo, ili ndi tsiku lovuta kuliteteza. Munthu amene adaona ndi maso kumene upulezidenti wamuyaya udafikitsa dziko, adavomera kutsegulanso khomo lomwelo. Boma litayesanso mu January 2003 ndi bilu ya teremu yachitatu, mphepo inali itatembenuka, mavoti sadakwane, ndipo biluyo idafera m'njira osavoteredwa.

Feteleza ndi gawo 65

Mu 2003 a Tembo adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa MCP, ndipo a Chakuamba adachoka kukayambitsa Republican Party. Pachisankho cha pa 20 May 2004 Bingu wa Mutharika wa UDF adapambana, a Tembo adakhala achiwiri. Koma kunyumba ya malamulo MCP ndiyo idapeza mipando yambiri kuposa chipani china chilichonse. Kenako mu February 2005 Bingu adatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Zinthu zidafika poti pulezidenti alibe aphungu okwanira, ndipo mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma, a Tembo, ndiye wagwira kiyi wa bajeti.

Kiyi ameneyu adamugwiritsa ntchito pazinthu ziwiri, ndipo ziwirizi n'zimene zimasiyanitsa anthu akamakamba za iwo.

Choyamba ndi feteleza. Chaka cha 2005 mvula idadula msanga, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni ankafunika thandizo la chakudya. MCP, imene mavoti ake ambiri ankachokera kwa alimi a chimanga ndi fodya a chigawo chapakati, idakakamira kuti bajeti ikhale ndi feteleza wotsika mtengo wofikira alimi ambiri, ndipo a Tembo ankafuna kuti akhale wa mlimi aliyense. Boma nalo linali ndi lonjezo lake la feteleza, pamene maiko otithandiza sankazifuna. Pokokanakokana padatuluka ndondomeko ya makuponi ya 2005/2006, thumba la feteleza wa chimanga pa K950. Mvula itagwa bwino, dziko lidakolola zochuluka. Ulemu wambiri udapita kwa Bingu, ndipo n'zoona kuti adalimba mtima pamaso pa maiko akunja. Koma kukula kwa ndondomekoyo kudaumbidwanso ndi aphungu otsutsa amene adati popanda zimenezi bajeti sidutsa. Achibale athu akumudzi amene adalandira kuponi chaka chimenecho adalandira chipatso cha mkangano wa m'nyumba ya malamulo.

Chachiwiri ndi gawo 65. Gawoli limati phungu amene adasankhidwa pa tikiti ya chipani china, akachisiya n'kulowa chipani china chimene chili m'nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, anthu akavotenso. Cholinga chake n'chakuti voti yako isagulitsidwe iwe uli m'tulo. Bingu atayambitsa DPP, aphungu oposa 60 adakhamukira kumbali ya boma. MCP ndi UDF zidati lamulo ligwire ntchito. M'nyumbamo munkatentha moti mu June 2005 sipikala Rodwell Munyenyembe adakomoka ali pampando mkangano uli mkati, ndipo adamwalira patapita masiku ochepa. M'malo mwake mudalowa a Louis Chimango a MCP.

Bingu adatengera nkhaniyi kukhothi kuti aone ngati gawo 65 silikuphwanya ufulu wa munthu wolowa gulu limene akufuna. Pa 15 June 2007 khothi la Supreme lidati gawolo lilibe vuto. A Tembo ndi anzawo adati tsono sipikala ayambe wachotsa othawa zipani, bajeti ibwere pambuyo. Boma lidati bajeti kaye. Aphungu okhudzidwa adathamangira kukatenga ziletso kukhothi. Chaka cha boma chinkayamba pa 1 July, koma July adatha, August adatha, bajeti osadutsa. Anthu adayamba kuda nkhawa ndi mankhwala m'zipatala, malipiro a aphunzitsi ndi feteleza yemwe uja. Ophunzira a m'makoleji ndi mabungwe adachita zionetsero zokakamiza aphungu. Paja njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Mu September 2007 otsutsa adagonja, bajeti idadutsa pomvana kuti gawo 65 likambidwa pambuyo pake. Itangodutsa, Bingu adatseka nyumba ya malamulo. Mu 2008 sewero lidabwerezedwa, ndipo teremu yonse idatha popanda gawolo kugwira ntchito pa gulu lija.

Ndiye adalakwa ndani? Ine ndalimbana nalo funsoli sabata yonse. Pamalamulo, a Tembo ankanena zoona, ndipo khothi lalikulu m'dziko lidagwirizana nawo. Boma linkazemba lamulo poyera. Koma chida chimene adasankha, kugwira bajeti pakhosi, chidapweteka anthu wamba amene sadathawe chipani chilichonse. Ndipo anthuwo adayankha pa 19 May 2009. A Muluzi ataletsedwa kuima, UDF idathandiza a Tembo, komabe Bingu adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, a Tembo pafupifupi 30. DPP idatenga mipando yoposa 110, MCP idatsala ndi yosakwana 30. Wovota naye ali ndi gawo 65 lakelake, limagwira ntchito pakatha zaka zisanu.

Kumapeto kwa ulendo

Atagonja, mavuto sadathe. Nyumba yodzaza ndi aphungu a DPP idasintha malamulo ake kuti mtsogoleri wa mbali yotsutsa azisankhidwa ndi aphungu onse, kuphatikizapo a boma. Mwanjira imeneyi phungu wachinyamata wa MCP wa ku Dowa, Ephraim Abele Kayembe, adapatsidwa mpandowo. Tangoganizani timu ya Bullets ikusankhira Wanderers kaputeni. Nkhani idapita kukhothi, khothi lidati zimenezo n'zosayenera, ndipo mu 2010 a Tembo adabwerera pampando wawo. Munthu amene adatumikira boma losalola wotsutsa ngakhale mmodzi, adathera kukhothi kuteteza ufulu wa mbali yotsutsa kudzisankhira mtsogoleri. Mbiri ili ndi nthabwala zake.

Chaka chomwecho cha 2010 aphungu adalowa m'nyumba yawoyawo, imene adamanga ndi thandizo la dziko la China, ija timaiona mumsewu wa Presidential Way pafupi ndi chiliza cha Kamuzu. Choncho a Tembo adakhalapo m'nyumba zonse zitatu: ya ku Zomba ya atsamunda, ya ku New State House yobwereka, ndi ya ku City Centre. Mu August 2013 MCP idasankha Lazarus Chakwera kukhala mtsogoleri, ndipo mu 2014 a Tembo adapuma pandale, patatha zaka zoposa 50 chilowereni m'nyumba ya malamulo koyamba. Upulezidenti adaufuna kawiri, sadaupeze. Adamwalira kuno ku Lilongwe pa 27 September 2023 ali ndi zaka 91, ndipo adaikidwa kwawo ku Dedza.

Tsono ife titolepo chiyani?

Nditamaliza kulemba ndinawawerengera agogo. Amalume analipo, ndipo mkangano unayambiranso pomwepo. Agogo amati a Tembo anali munthu wodziwa ntchito, wosunga mwambo, amene adasunga MCP nthawi imene aliyense ankati yatha. Amalume amati simungakambe za iwo n'kudumpha anthu amene adazunzika m'zaka 30 zija, iwo ali pafupi ndi mpando. Ine ndikuona kuti onse awiri akunena za munthu mmodzi yemweyo, ndipo sindikufuna kufufuta mbali ina kuti nkhani ikome.

Koma funso la Loweruka lija layankhidwa. Mukaona moyo wa phungu ameneyu, zimene zidasintha miyoyo ya Amalawi si zimene adagawa kudera kwake. Ndi mbali imene adaima mu September 1964. Ndi voti yake ya pa 4 July 2002. Ndi zimene adakakamira mu bajeti ya 2005, ndi zimene adakana mu 2007. Zina mwa izo zidathandiza, zina zidapweteka, koma zonse zidachitikira m'nyumba ya malamulo, ndi pakamwa ndi voti basi. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza kapena kukana bajeti, kufunsa boma m'mene lagwiritsira ntchito ndalama zathu, ndi kutiyankhulira. Bokosi la maliro ndi chifundo chake chabe, ndipo tikamamuyeza ndi bokosilo, iye amadziwa kuti m'nyumbamo akhoza kuvota m'mene angafunire ife osafunsa.

Lero aphungu alipo 229. Tsiku lina adzavoteranso nkhani yaikulu ngati ya 2002, ndipo mwina kusiyana kudzakhalanso mavoti atatu. Kodi wa kwathu kuno adzakhala mbali iti? Nanga ife tidzadziwa n'komwe?

Kuchokera kuno ku 15 kukafika kunyumba ya malamulo si ulendo woti n'kunyamula kamba. Enafe timadutsapo popita ku City Centre, timajambulitsa pachiliza cha Kamuzu, koma m'katimo sitinalowemo. M'nyumbamo muli malo okhala alendo ofuna kumvera zokambirana, ndipo magulu amalemba kalata yopempha kukaona. Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti tilembe kalata imeneyi aphungu akamadzakumananso. Tikapite ndi makope, tikamve amene akuyankhula ndi amene akungoombera m'manja. Pakadali pano zokambiranazo zimaulutsidwa pawailesi ndi pa TV, ndiye tisamangosintha tchanelo.

Ndipo pamsonkhano wa Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi zinthu ziwiri: dzina la phungu wa dera limene adavotera, ndi nkhani imodzi imene phunguyo wayankhulapo m'nyumba ya malamulo. Amene alephere agula mandasi a gulu lonse. Safunsa adadya phula, anzanga. Ndalama ya agogo ija andilola kubwera nayo kuti muione, koma akuti ibwerere momwe yapitira.

Ndine wanu, membala mnzanu wa kuno ku 15.